Anamabotolo ndi Madzi Osanduka Chikasu

Anamabotolo ndawadziwa zaka makumi awiri ndi zisanu, kuyambira pamene anadzakhala m'nyumba yoyang'anana ndi yanga, mwana ali kumbuyo, amuna awo atanyamula kabokosi ka zitsulo. Dzinali si la makolo, linachokera ku ntchito. Amatsuka mabotolo m'chipinda cha pamwamba pa nyumba ina yaikulu, mmene anthu ophunzira amayeza masamba, makungwa ndi mizu kuti aone ngati mankhwala amene anthu amawatama alidi ndi mphamvu. Zimene ndilembe pano ndinazimva pakamwa pa eni ake awiri, ndipo sindinawonjezepo kanthu.

Chipindacho chili ndi mawindo aatali oyang'ana kum'mawa. Sinki ya Anamabotolo ili pakona, ndipo dzuwa likamakwera limayamba kugwa pa mabotolo amene anawavundikira dzulo lake pa thandala la waya. Masamba amabwera m'matumba. Amawayanika pamthunzi, akauma amawapera, n'kuwaviika mu sipiriti, n'kusefa. Madzi otuluka pamenepo amakhala obiriwira ngati a padziwe lakale, ndipo fungo lake limakhala mu tsitsi mpaka Lamlungu.

Woyeza wake ndi dokotala wa masamba, mtsikana wowonda wamagalasi amene amayenda ngati akuopa kudzutsa munthu. Ali ndi madzi ena achibakuwa amene amawasunga m'kabati yamdima. Amathira madziwo m'timabotolo tating'ono, n'kudonthezamo madzi a tsamba. Tsamba likakhala lamphamvu, chibakuwa chija chimazimirira pang'onopang'ono mpaka madzi onse asanduka achikasu. Zikafika pamenepo Anamabotolo ankaiwala mpopi uli wotsegula, thovu likutsetsereka m'zigongono.

"Ndiye kuti chiyani, adokotala?" anafunsa tsiku lina.

"Thupi la munthu nalonso limachita dzimbiri, amayi, ngati chitsulo chosiyidwa pamvula. Tsamba likasandutsa madziwa chikasu, ndiye kuti limalimbana ndi dzimbirilo. Tilinso ndi kayezedwe kena, ka choyera cha dzira, koonera ngati tsamba lingachepetse kutupa. Koma zonsezi ndi za m'galasi. Munthu si galasi."

Mawu omalizawo anapita ndi madzi a pampopi. Anamabotolo anatola a kutupa okha, chifukwa kunyumba kwawo kunali zala zotupa.

Amuna awo ndi okonza mawotchi, ndipo msewu wonse umawatcha Awotchi. Malo awo anali pa khonde la sitolo ya nsalu: katebulo, kampando, ndi kagalasi kamene ankakapanikiza pa diso. Nyamakazi inawagwira m'mfundo za zala. M'mawa zala zinkauma ngati nkhuni, kachitsulo kopanira kankawapulumuka, ndipo timasikuluwu tinkagwa pansi n'kusowa m'fumbi. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi n'kuwauza kuti adekhe, mankhwalawo sagwira tsiku limodzi. Iwo anasiya kupita pa khonde paja. Mawotchi a anthu anawatengera kunyumba n'kuwandandalika pa shelefu, onse oima, iliyonse ikuloza nthawi yakeyake. Mwini sitolo anatumiza mawu kuti mwezi ukatha asanabwerere, malowo apatsa wokonza mafoni amene ankawapempha.

Munthu amene wakhala pa khonde limodzi moyo wake wonse, ukamuchotsapo, amafota ngati mbewu yowokeredwa masana. Awotchi anayamba kukhala pa windo n'kumangoyang'ana manja awo.

Masiku amenewo Anamabotolo ankalota ali maso. Akamiza manja m'madzi otentha, ankaona zala za amuna awo ngati timabotolo khumi toyimikidwa pamzere, tonse todzaza ndi chibakuwa. Ankadziona akudonthezamo kamodzikamodzi, chikasu chikutsika kuchokera ku chikhadabo mpaka pa mkono, mfundo zikuphwa, ndipo pa shelefu paja mawotchi onse akudzuka pamodzi n'kuyamba kuyankhulana. Tsamba lililonse latsopano likabwera, ankanena madzulo ake kunyumba. "Lalero linayesa, koma linathera panjira. Mwina la mawa." Awotchi ankamvetsera ngati mwana womvera nthano. Mtima suvala nsanza.

Ndiye kunabwera tsamba lina lalitali, laubweya kunsi kwake. Dontho litangogwa, chibakuwa chinathawa dokotala asanabweze dzanja. Mawa lake anayeza ndi choyera cha dzira, ndipo anavula magalasi n'kuwapukuta kawiri.

"Ili ndiye lili ndi kanthu," anatero chapansipansi. Madzulo anapatsa Anamabotolo botolo la madzi obiriwira otsala. "Amayi, awa mukathire mu mgolo wa zotaya."

Mgolowo uli pansi pa masitepe, pamalo pamene sipapita anthu. Anamabotolo anaima pamenepo nthawi yaitali, botolo lili m'manja, kuwala kwa pa windo laling'ono kukudutsa m'madzimo n'kugwa kobiriwira pa epuloni yawo. Zaka zonsezo anali asanatulutsepo ngakhale chitsekerero. Tsiku limenelo anathira theka m'kabotolo kofiirira, n'kukabisa m'chikwama pansi pa ambulera.

Kunyumba anakaika pa shelefu, pakati pa mawotchi.

"Bambo, lija lapezeka."

Awotchi anakayang'ana osakagwira. "Kameneka? Ndimayesa mubwera ndi chidebe."

"Musakakhudze. Mawa ndikafunsa mochenjera kuti amapaka wochuluka bwanji, ndidzakupakani ndekha."

"Zopakapaka ndi za makanda, mayi. Akuluakulu amamwa, mankhwala akafike kumene kuli matenda."

"Inu, ndanena musakakhudze."

"Ndamva, adokotala aakulu."

Anaseka onse awiri, kuseka kumene kunali kutasowa m'nyumbamo.

M'mawa mwake, akupukuta tebulo la dokotala, Anamabotolo anaponya funso ngati losafunika. Ankadziwa kuti sipiriti wa m'chipindamo si wakumwa. Pa chigubu chake pali chithunzi cha chigaza. Koma ankadziwanso kuti pali makina a botolo lozungulira amene amachotsa sipiritiyo, ndipo mumtima anali atagamula okha kuti madzi aja anadutsamo.

"Adokotala, aja ndinataya dzulo aja, anali atadutsa kale m'makina?"

"Ayi, amayi, aja anali aawisi. Sipiriti yekhayekha. Bwanji, anakugwerani pakhungu?"

"Ayi. Ndimangofunsa. Nanga munthu atamwa?"

Dokotala anakweza mutu. "Pang'ono pokha maso amafa. Akachulutsa, munthu amapita."

Anamabotolo anavula magolovesi n'kuwaika bwinobwino pa sinki, lina pamwamba pa linzake. Anati kunyumba kwagwa vuto, ndipo anatsika masitepe mothamanga. Safunsa anadya phula, koma apa wodya anali wina.

Ulendo umenewo amaukumbukira ngati loto. Basi inkaima paliponse. Wina anakweza matiresi, wina ankakangana ndi kondakitala, ndipo mawu onsewo ankamveka ngati akuchokera pansi pa madzi. Pa windo zinthu zinkadutsa zowala mopitirira muyeso: zovala za pa chingwe, ndowa zofiira pa sitolo, mwana wa sukulu atanyamula nsapato m'manja. Iwo ankaziyang'ana chimodzichimodzi ngati akuzisonkhanitsa kuti akafotokozere munthu amene sadzazionanso. Ankaganiza za diso lija, lakumanja, limene limaona mano a kagudumu kochepa ngati njere ya mchenga.

Chitseko anachipeza chotsegula. Awotchi anali pa windo, kagalasi kali pa diso, wotchi yapakhoma itatsegulidwa pamiyendo pawo. Kabotolo kanali pa tebulo, kotsegula, madzi atatsika.

"Mwamwa?"

Awotchi anachotsa kagalasi pang'onopang'ono. "Mwathawa ntchito?"

"Bambo, ndikufunsa. Mwamwa?"

"Ndinatsegula, sindikana. Ndinafika nako mpaka apa." Analoza mlomo wa m'munsi. "Koma mphuno inakana. Fungo ili ndakhala nalo pa khonde kuyambira ndili mnyamata, ndi limene ndimatsukira zitsulo. Ndinati akazi angawa atopa nane, akufuna ndisamaone makwinya awo."

"Nanga achepa bwanji?"

"Ndinayesa kutsukira wotchi iyi. Onani, yonse yabiriwira ngati yagona m'dambo. Mwini wake andimanga."

Anamabotolo anakhala pansi, pa simenti penipeni, nsapato zili kumapazi. Sanalire. Anangogwira mwendo wa mpando wa amuna awo. Kenako maso awo anagwa kuseri kwa mawotchi, pa shelefu pamene kabotolo kanali dzulo. Panali timapaketi ta mapiritsi a kuchipatala, tosatsegula.

"Awa ndi a liti?"

Awotchi anayang'ana kunja. "Amandiwotcha m'mimba. Ndiponso inu tsiku lililonse mumati la mawa, la mawa. Ndinati ndidikire lanulo, la anthu ophunzira."

Pamenepo m'pamene anazindikira kuti nkhani zawo za madzulo zinali zitaimitsa mankhwala a amuna awo. Kunja munthu ankakhoma msomali, ndipo fumbi linkayandama m'kuwala kwa pa windo.

"Tsamba lija lilidi ndi mphamvu," anatero Anamabotolo potsiriza. "Ndinaona ndi maso angawa. Koma lili m'galasi, ndipo mwina lidzatulukamo ife titapita. Mawa tikupita kuchipatala, mukawauze za m'mimbazo."

"Ndipo khonde?"

"Khonde musalitaye."

"Ndi zala ziti, mayi?" Anatambasula manja pa tebulo, mfundo zili tupu.

Anamabotolo anaika awo pambali pake. Anali manja oyera ndi sopo, amakwinya ngati a munthu wochokera kosambira, koma osagwedezeka. "Izi. Inu muli ndi diso, ine ndili ndi zala. Ndikaweruka ndizidzera pa khonde, ndipo Loweruka ndizikhala tsiku lonse. Muzindiuza pogwira."

"Inu? Wotchi si botolo. Mudzaitsuka ndi sopo."

"Yanu mwaitsuka ndi masamba, ndiye khalani chete."

Mawa lake, asanapite kuchipatala, anabweza kabotolo kaja m'manja mwa dokotala n'kunena zonse. Dokotala anawadzudzula kolimba, ndipo anachita bwino. Kuyambira pamenepo zotaya amakathira anthu awiri. Ntchito sanawachotse.

Ndinene zoona zake, chifukwa anthu amakonda nkhani zothera pozizwitsa. Zala za Awotchi sizinachire. Kuchipatala anawasinthira mapiritsi, kutupa kunaphwa pang'ono, ndipo mawotchi aakulu apakhoma amakonza okha. Aang'ono a pamkono sangathe. Tsamba lija likuyezedwabe, ndipo palibe amene akudziwa ngati lidzafike pa munthu. Anamabotolo amaimabe pa sinki n'kuyang'ana chibakuwa chikusanduka chikasu, ndipo amati kukongola kwake sikunathe. Kungoti kunyumba sakanenanso.

Khonde sanalitaye. Mwini sitolo anagawa malowo pakati, wa mafoni mbali iyi, Awotchi mbali inayo. Ukadutsa dzuwa litapendeka umawapeza awiriwo mitu itagundana pa katebulo, mwamuna kagalasi kali pa diso, mkazi kachitsulo kopanira kali m'manja.

"Kumanzere, mayi. Kumanzere kwanu, osati kwanga. Musapume."

"Ndifa ndiye."

"Mufe mukamaliza."

Anamabotolo anawalonjeza zala tsiku lija atakhala pa simenti, ndipo chaka chino ndi chachinayi akuzibweretsa pa khonde madzulo alionse, zikununkha sopo.