Ngumbi mu seva yotsogolera

Chinali chaka cha 2022, ine ndili ndi zaka 68. Sukulu ndinalekeza Sitandade 8 ku Malindi, ndipo moyo wanga wonse ndinkakonza mainjini a maboti. Msana utakana, mwana wanga wamkazi ananditengera ku boma la Mangochi, kumene ali ndi kampani yaing'ono yosungira anthu ntchito zawo za pa kompyuta.

M'kachipinda kakumbuyo munali maseva atatu, makompyuta aakulu olumikizidwa m'gulu limodzi. Imodzi inali mtsogoleri wa gululo. M'kati mwa seva iliyonse munkakhala timakompyuta tosagwirika ndi manja, tomwe iye ankati alendo. Mlendo wina anali wa kachipatala ka ku Chowe, ena a maloji a ku Chembe.

Mawusi ndinaikana, dzanja langa limanjenjemera. Ndiye anandiphunzitsa sikirini yakuda. Ulemba lamulo, uliwerenga, udina batani. Makina ayankha mwachidule, sanyengerera munthu. Tinamvana.

Mvula yoyamba itagwa, mwana wanga uja anali ku chipatala kudikira kubereka. Windo la kachipindako linkakhala lotsegula chifukwa cha kutentha, ndipo nyali ya pakhonde inaitana ngumbi. M'mawa ndinapeza mapiko ali mbwee pansi. Fani ya seva yotsogolera inali itaima, fungo la pulasitiki lili m'chipinda monse.

Injini ikatentha umazimitsa, sufunsa munthu. Chala changa chinafika pa batani. Koma mlendo wa kachipatala kaja anali mu seva imeneyo, ku Chowe odwala ali kale pamzere, ndipo mwini chipatalacho anali atachenjeza kuti makina akadzaima pakati pa ntchito, adzapita kwina. Popanda iyeyo kampani ikanatsekedwa. Ndinaimba foni.

"Ababa, musazimitse," anatero mwana wanga.

"Ukundiphunzitsa za chinthu chotentha iwe?"

"M'botimo muli anthu. Atsitseni kaye."

Ndinakhala pansi. Lamulo loyamba linali lotseka khomo, kuti mlendo watsopano asalowe mu seva yodwalayo. Lachiwiri linali lopereka utsogoleri kwa seva yachiwiri. Kenako ndinafunsa gulu kuti mtsogoleri ndani, ndipo linatchula yachiwiri.

"Ndikumva kiyibodi, Ababa. Mukulembabe ndi chala chimodzi?"

"Chala chomwechi chinakulera."

"Fulumirani nacho. Mlendo wa chipatala atsogole."

Ndinamusamutsira ku seva yachiwiri ali moyo, akugwira ntchito. Mzere unabwera wonena kuti wafika. Ku Chowe palibe anadziwa kanthu. Apo ndinamva mwana wanga akubuula, namwino n'kulanda foni.

"Agogo, uyu ntchito yake lero ndi ina," anatero namwinoyo, n'kudula.

Alendo a maloji ndinawasamutsa ndekha, mmodzimmodzi. Womaliza anakana. Ndinawerenga yankho la makina mawu ndi mawu, monga tinkawerengera ku mishoni: katundu wa mlendoyo sanali m'nkhokwe ya gulu lonse, anali m'mimba mwa seva yotenthayo. Lamulo losamutsa katundu wotero sindinkalidziwa, ndipo pa sikirini yakuda sulemba zongoganizira. Kautsi katayamba kutuluka kumbuyo, ndinalemba lamulo lozimitsa.

Madzulo ndinamasula seva ija pakhonde, n'kuchotsa mapiko ndi burashi. Ntchito imeneyo sindinafunse munthu.

Mwana wanga anabwera ndi khanda kumsana sabata isanathe. Sanandithokoze ndi mawu ambiri, kwathu sititero. Anangokoka mpando n'kundionetsa lamulo lomwe ndinalibe lija. Pa windo ndinakhomapo sefa. Mwini chipatala ali nafe mpaka lero, ndipo anatibweretseranso mnzake wa ku Malindi.

Tinataya fani imodzi, disiki imodzi, zomwe loji ya mlendo womaliza uja inalemba m'mawa umenewo, ndi lojiyo, yomwe inapita kwina. Basi.