Mbewu Yokazinga ya pa Bolodi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume. Ankagulitsa mbatatesi pa Lizulu, ndipo ahedi a sukulu ina ya kufupi ndi Mlangeni ankagula kwa iwo. Ahediwo anangoona satifiketi yanga ya JC ndi khadi la chipani, basi, ndinakhala mphunzitsi wogwirizira wa Sitandade 5.

Zida zake zinali choko, kasanza kofufutira ndi bolodi lomwe tinkalidetsa ndi makala a m'mabatire akutha. Pulani ya phunziro lililonse ahedi ankaisaina m'mawa, kupatula piriyodi yomaliza ya Lachisanu. "Imeneyo ingowasangalatsani anawa," anatero.

M'katoni ya mu ofesi ndinapezamo buku lopanda chikuto, lofotokoza nthano za Agiriki za magulu khumi ndi awiri a nyenyezi. Ine kukonda kutamidwa! Ndinkadontheza nyenyezi pabolodi ndi choko, n'kulumikiza mizere mpaka patuluke nkhanu kapena chinkhanira, ana kukamwa yasa.

Lachisanu lina mu Disembala ndinajambula nkhosa yamphongo. Ndinasimba za mkazi wachiwiri wa mfumu amene anakazinga mbewu mobisa kuti isamere, njala itavuta n'kunena kuti mizimu ikufuna magazi a ana owapeza. Nkhosa ndiyo inathawitsa anawo, n'chifukwa chake ili kumwamba.

Sindinaganizeko kuti chaka chimenecho chimanga cha kalabu ya alimi chinakana kumera m'minda yambiri. Matumba a mbewuyo ankasungidwa kwa aNajere, mkazi wachiwiri wa bambo ake a Esinati, mtsikana wa m'kalasi mwanga. Ana ananyamula nthano ija kupita nayo kwawo, ndipo pofika Lamulungu sinalinso ya Agiriki.

Lolemba tili pa masamu tinamva chiphokoso. Achinyamata a chipani anabwera ndi aNajere pabwalo la sukulu, atawapachika phale lokazingira m'khosi. Mayiwo anali ndi pakati. Mkulu wa achinyamatawo anandiitana.

"Aphunzitsi, buku lanu likuti mbewu yokazinga simera, eti?"

"Likutero, koma…"

"Koma" wangayo anamira m'mfuu. Ahedi ananditsina pamkono. "Khalani chete achimwene. Otsutsana ndi awa sabwerako."

Ndinakhaladi chete. Ndinkadziwa kuti denga la mosungiramo linkadontha, mbewu inanyowa n'kuwola mtima. Ndinaziona ndi maso anga tsiku limene ndinakabwereka khasu kwa aNajere. Koma mantha, abale. Ndinaima ngati chitsa, choko chili m'manja, mayi aja akuperekezedwa ndi zikoti mpaka kuwoloka malire a Mozambiki. Sanabwererenso.

Esinati anasiya sukulu kuti azilera ang'ono ake, poti pakhomo panalibenso mayi wina. Tsiku lina ndinakumana naye akuchokera kudimba, mwana kumsana. Anagwada mwaulemu ndithu, n'kunena motsitsa mawu, "Aphunzitsi, amayi aja ndi amene ankandigulira makope."

Manyazi ake sanandichokebe mpaka lero. Ndinapita kukoleji, ndaphunzitsa mpaka imvi izi, ndipo nyenyezi zija ndimaziphunzitsabe. Koma ndisanatsegule pakamwa ndimayamba ndafunsa zimene zikuchitika m'minda ndi m'makomo mwa anawo, chifukwa mawu a mphunzitsi sathera pabolodi. Ndipo ophunzira uphunzitsi akabwera kwa ine ndimawauza kuti ukayamba "koma", umalize, ngakhale akutsine. Wanga uja akanatha kusunga mayi pakhomo pake.