Sindinakuperekezeni, Achemwali

Uthenga unandipeza ndili m'basi yopita kuchipatala ku Rotherham, kuno kudziko la azungu, nditanyamula zovala zanu zochapa. Nesi anangoti ndisafulumirenso. Papita masabata atatu, achemwali, ndipo dzulo masana pa TV anaonetsanso filimu yakalekale ija yopanda mitundu, ya gulu la oyimba malipenga amene anakafikira m'chinyumba cha mizukwa. Tinaionera limodzi Lamlungu lina. Zitseko zinkatseguka zokha, oyimbawo n'kumwazikana, kenako n'kuyambiranso kuimba ngati palibe chachitika. Inu munadzuka n'kuvina mutavala yunifolomu ya kuntchito, mukuseka mpaka kutsokomola. Mutakhala pansi munati, "Iwe Tiyamike, mzukwa uwu si woipa ayi, wangosowa wouperekeza kwawo. Ine ndikadzafera kuno udzandiperekeze wekha, wamva? Ndingamadzazungulire m'nyumba za azungu ndi kuzizira konseku." Ndinati, "Kulemera konseko, ndege yake iti?" Munandigenda ndi pilo.

Anthu a kutchalitchi anayesetsa, bokosi lanu linakwera ndege. Koma ine sindinakuperekezeni. Mapepala anga sanatulukebe, ndipo ndikanachoka m'dziko lino sindikanabwereranso kuno kwa ana anga. Ulendo wanga unathera pachipata cha nyumba yachisoni, ndikuyang'ana galimoto mpaka inakhota. Akuti anakuikani pafupi ndi amayi, mvula ikugwa. Ine ndinangomva nyimbo za kumanda pa foni yodukaduka. Mundikhululukire. Kuno kwatsala chikhoti chanu kuseri kwa chitseko, ndi mng'ono wanu amene sanaone manda anu.