Mlongoti wa a Dyton

A Dyton Chimenya anagwira ntchito ya ulonda kubwalo la ndege la Chileka mpaka mawondo anakana. Atapuma anabwerera kwawo kuseri kwa Lirangwe, kuchigwa kumene netiweki imagwira mwa apo ndi apo. Ife tonse tikafuna kuimba foni timakwera pachulu cha m'munda mwa a Yasin, moti zinsinsi zathu ndi mbuzi zomwe zimazidziwa.

Iwo zokwera chulu anakanitsitsa. Ankati munthu amene waona ndege zikutera tsiku ndi tsiku sangamakuwe pachulu ngati tambala. Mwana wawo Lily, yemwe ali ku Joni, anawatumizira foni yaikulu, ndipo kakampani kena ka m'tauni kanadzawazikira mlongoti wa intaneti padenga. Kuyambira pamenepo ankaimba ali chogona pamkeka, mokweza dala kuti timve. Ndisabise, ankatinyansa, komanso tinkasilira. Simu khadi yawo inafa chifukwa chosagwiritsa ntchito, iwo osadziwa n'komwe.

Tsiku lina masana akazi awo, mai Rosemary, anagwa akuyanika mphale. Pakamwa panapotoka, mkono wamanja n'kulefuka. Mudzi wonse tinali kumaliro kutsidya kwa mtsinje. A Dyton anaimba nambala ya ambulansi kudzera pa intaneti pawo paja, koma sinalowe. Anayesa ya polisi, chimodzimodzi. Mlongoti unalibe vuto lililonse. Kungoti kuimba kwa mtundu umenewo kumafikira anzako a pa intaneti okhaokha, ndipo panalibe amene anawauzapo zimenezo.

Ataimbira Lily, foni inalowa nthawi yomweyo. Mwanayo anawaona pa vidiyo mai ake ali kwala pafumbi, iye ali dziko lina. Akulira choncho anaimbira msuweni wake wa ku Chileka, msuweniyo n'kuyamba kusakasaka woyendetsa galimoto. Thandizo la munthu wa ku Lirangwe linachita kuzungulira ku Joni, ndipo linafika dzuwa litapendeka. Mai Rosemary moyo anapulumuka, koma kuyankhula kunapita.

Chaka chino akuluakulu oyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti anabwera pasukulu ina kudzamva maganizo a anthu. Ambiri tinadandaula za mabandulo otha msanga. A Dyton anaimirira pomaliza, atatsamira ndodo.

"Mabwana, ine ndinali wa sekyulite," anatero. "Ku eyapoti kuja khomo lothawira pangozi limalembedwa, aliyense aone. Nanga ogulitsa intanetiwa bwanji simuwalamula? Aikonze foniyi iziitana ambulansi. Zikakanika, azimuuza munthu pogula pomwepo kuti bambo, iyi ndi yochezera basi."

Bwana wina anayankha mwaulemu kuti nkhaniyo ndi yovuta, poti makampani ena ali kunja kwa dziko, koma akuiunika. Mwina akuiunikadi, ine sindidziwa.

Pobwerera ndinayenda nawo pang'onopang'ono, motsatira mawondo awo. Ndinawamvera chisoni kwambiri. Pamalo pa matama aja panali patatsala bambo wokalamba, wofulumira kukafika kunyumba kukamwetsa akazi ake phala. Ndinawafunsa ngati yankho lija lawakhutiritsa.

"Ayi," anatero. "Koma ndikawauza mai akunyumba kuti ndakanena."

"Amamva?"

"Kumva amamva zonse, achimwene. Amangondiyang'ana." Anaima n'kupukuta m'maso ndi chipewa. "Ndipo ine zaka zonsezi ndinkadandaula kuti amalongolola."