Galu amene ndidamuvulira chipewa

Mukhoza kuseka, ndipo sekani ndithu, koma izi sindidachite kumva kwa munthu ayi, ndidaziona ndi maso angawa, ndipo fungo lake limandibwererabe ndikadutsa pamene pafera kanthu.

Zidachitika asilikali atangobwerako kunkhondo, pamene mzungu wa esiteti ina ya fodya cha ku Ulongwe adatchinga munda wake ndi waya waminga, ati anthu ndi agalu akumupondera nazale. Njira yathu yakale yopita ku Balaka sadaitseke, iyayi, adangoisiyira kampata pakati pa mawaya awiri, moti mukakumana awiri wina ankadutsa chammbali ngati nkhanu. Kapitawo wake adalengeza kuti munthu ayende m'njira, galu ayende m'njira, wodutsa waya aona yekha.

Tsikulo ndinkayenda maso ali pa kachidutswa ka nyuzipepala kamene adandikulungira mchere, poti kuwerenga ndidadziphunzitsa ndekha ndipo ndinkafuna aliyense wokumana nane adziwe. Ndidangoona ngati wina watsamira waya, basi ndidavula chipewa n'kupereka moni waulemu wonse. Poona kuti sakuyankha ndidadzutsa mutu. Anthuni, anali galu! Adampachika miyendo yakutsogolo pa waya, mimba itafufuma, ntchentche zitadzaza m'kamwa, ndipo kutsogoloko kunali ena, ouma kale. Kodi ndi munthu wamtundu wanji amene amakongoletsa mpanda ndi mitembo?

Ndili mkati molavula, galu wanga amene ndinali naye paulendowo, yemwe ankandipirikitsira anyani m'chimanga, adanunkhiza kanthu n'kulowa pansi pa waya. Ndidaitana, ndidaimba mluzu, koma anali atameza kale kanyama kothira mankhwala kamene adakaika dala patsidyapo. Nditaona akuphupha, thovu lili kukamwa, nzeru zidandithawa, nanenso ndidakwawira pansi pa waya, minga n'kundikola malaya kumsana. Ndili chigonere chafufumimba, kutsogolo osapita, kumbuyo osabwerera, ndidaona nsapato za kapitawo ndi mpope wa mfuti pafupi ndi mphuno yanga. Adandifunsa modekha ngati ndine munthu kapena galu, poti kwa wodutsa waya lamulo ndi limodzi. M'maganizo ndidadziona ndekha nditayanikidwa pamzere uja.

Adandikolola, koma adati sindichoka ndisadapachike galu wangayo ndi manja anga. Ndipo ndidampachikadi, akadali wofunda, pambali pa wofufuma uja. Kapitawoyo sanali mlendo ayi, anali wa mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo ankangopichira fodya wake akundiyang'ana.

Lero ndimakhulupirira kuti waya paokha ulibe mlandu, inenso dimba langa ndidatchinga. Chonyansa ndi mtima umene umaika nyama yokoma kuseri kwa mpanda n'cholinga chopeza wolakwa. Choncho mukaona njira yatchingidwa uku ndi uku, gwirani galu wanu pachingwe, ndipo maso achoke pa pepala.

Madzulo ake ndidamfotokozera mnansi wanga zonsezi, ndikudikira kuti andiseka za chipewa chija. Sadaseke. Adandifunsa ngati galu woyambayo anali wodulidwa khutu limodzi, ndipo nditavomera adati anali wake. Adati iye wakhala akudutsa pamenepo atayang'ana kumbali chifukwa cha mantha, ndiye ndisachite manyazi, poti m'mudzi monse ndine ndekha amene ndidamuvulira chipewa galu wakeyo pamaliro ake.