Miksi ya Tiwonge ndi Wailesi ya Amayi Ake

Tsiku limene Tiwonge anatsika minibasi pa Chintheche asanafike kumene ankapita, anadziuza mumtima kuti laputopu sadzaigwiranso. Ngati inunso munachitapo manyazi pagulu chifukwa cha chinthu chimene munapanga ndi manja anu, nkhani yakeyi mudzaimvetsa.

Tiwonge ankakhala ku Kande ndi amayi ake, a NyaManda. Bambo ake anamwalira iye ali Fomu 2, ndipo mayeso a Fomu 4 sanamuyendere bwino. Chimene anatsala nacho chinali laputopu yakale yong'aluka pakona, imene msuweni wake Killion anamusiyira popita ku Joni. Killion ankaika nyimbo pa loji ina ya ku Kande konko, ndipo anamuphunzitsa kulumikiza nyimbo kuti ina ilowe mu inzake popanda kuduka. Nyimbo zolumikizidwa chonchi n'kujambulidwa pamodzi ndi zimene amati miksi.

Wailesi ina ya m'bomalo inalengeza kuti ikufuna wachinyamata woti azikonza miksi ya pulogalamu ya Loweruka masana. Tiwonge anakonza yake. Anasakaniza nyimbo zamakono zovina ndi nyimbo za chilimika, zimene anajambula yekha pa foni amayi a m'mudzi akuvina pa Chaka Chatsopano. Anaiika pa fulashi n'kukwera minibasi ya ku Nkhata Bay kuti akaipereke.

Ali m'njira analakalaka kuimva pa masipika aakulu. Anapempha dalaivala kuti aiyeseko. Inayamba ndi chilimika, koma mawu ake anali apansi kwambiri moti injini inkawameza. Dalaivala anakweza voliyumu mpaka pomalizira. Kenako inalowa nyimbo yamakono. Masipika anabangula, mawindo ananjenjemera, ndipo khanda limene linali mtulo pamiyendo pa amayi ake linadzidzimuka n'kuyamba kulira. Kondakitala anazula fulashi ija n'kumupatsira pamwamba pa mitu ya anthu.

"Achemwali, iyi mukaimbire ng'ona," anatero. "Ife makasitomala tikuwafunabe."

Basi yonse inaseka. Tiwonge anatsika pa Chintheche n'kubwerera kwawo wapansi, dzuwa likuswa mtengo.

Pakhomo anapeza a Lackson, mchimwene wa amayi ake, amene iye ankawaitana kuti asibweni monga amaitanira malume kumeneko. Anabwera ndi mkoko wa nthochi ndiponso uthenga. Anali atamupezera ntchito yolera ana ndi kuchapa pa nyumba ya mnzawo ku Mzuzu. Sanalankhule mwaukali, chifukwa mwana wa mlongo wawo ankamukonda. Anangoti mtsikana wamkulu sangamangokhala ndi zomvera m'makutu tsiku lonse, ndipo mvula ikangoyamba adzamuperekeza okha.

Tiwonge analowa m'nyumba. Ankadziwa kuti akapita, za nyimbo zathera pomwepo, ndipo amayi ake adzatsala okha ndi munda wa chinangwa. Anaika laputopu pansi pa zovala m'basiketi.

Mawa lake a NyaManda ndi amene anaitulutsa. Anati za m'minibasi iwo sanazimve, choncho awaikire nyimbozo m'kawailesi kawo kolowa memori khadi kuti adzimvere okha. Tiwonge anawaikira monyinyirika, n'kukhala pa tsinde la mango akuyang'ana pansi.

Amayi ake ankavuula chinangwa m'diramu momwe anachiviika, akuchifinya n'kuchiponya m'lichero. Chilimika chitayamba, anapukuta dzanja pa chitenje n'kukweza wailesi. Yamakono italowa, anapukutanso dzanja n'kutsitsa. Chilimika chitabweranso anakweza. Anachita zimenezi mpaka miksi yonse inatha, osadandaula ngakhale pang'ono, ndipo kabatani ka voliyumu kanayera mbuu ndi chinangwa. Pomaliza anati nyimbozo ndi zabwino kwambiri.

Tiwonge anaona kuti amayi ake akunena zoona, koma anaonanso dzanja lija. Ntchito imene iye anayenera kugwira, amayi ake ndi amene ankamugwirira.

Anatumizira Killion uthenga wa mawu pa foni, n'kumufotokozera za minibasi ndi za dzanja la amayi. Killion anaseka kaye mpaka kutsokomola, kenako anayankha bwinobwino.

"Iwe mlongo wanga, zimene akuchita Ama zili ndi dzina. Kompuresa ndi dzanja lomwelo, kungoti lili m'kompyuta. Mawu akakwera kwambiri imawatsitsa pang'ono, kuti apansi ndi apamwamba ayandikane. Limita ndi denga. Ukaliika, palibe mawu opyola pamenepo."

Anamuuzanso pamene angapeze zida ziwirizo m'pulogalamu yake yokonzera mawu.

Tiwonge anazigwira ndi mphamvu za munthu amene wapeza mankhwala. Anapanikiza kompuresa mpaka pomalizira, limitanso chimodzimodzi. Chithunzi cha mawu pa laputopu, chimene kale chinali ndi mapiri ndi zigwa, chinangosanduka njerwa yaitali. Iye anasangalala, poganiza kuti tsopano zonse zafanana ndipo zikumveka mwamphamvu.

Ulendo uno a NyaManda sanakweze kapena kutsitsa wailesi. Ankangoyanika chinangwa pa thandala. Nyimbo zingapo zitadutsa, anabwera pang'onopang'ono n'kuizimitsa.

"Pepa mwana wangu, mutu ukundiwawa," anatero. "Ng'omayi bwanji ikumveka ngati aifunditsa bulangete? Nyimbo zako sizikupuma."

Mawu amenewa anamuwawa Tiwonge kuposa a kondakitala, chifukwa anachokera kwa munthu amene sankafuna kumukhumudwitsa. Sabata yomweyo a Lackson anabweretsa chikwama chatsopano cha ulendo wa ku Mzuzu, chabuluu, chokhala ndi zipi wolimba. Anachipereka akumwetulira, iye n'kuthokoza kuti yewu atagwada. Atalowa nacho m'nyumba analira mosatulutsa mawu.

Koma mawu akuti nyimbo sizikupuma sanamuchoke m'mutu. Anawatembenuza uku ndi uku akutunga madzi, akusenda chinangwa, akusesa. Anakumbukira mmene woimba ng'oma ya chilimika amamenyera mwamphamvu kenako n'kulekerera, ndi mmene ovina amaponyera phazi pa mphamvu pomwepo. Iye anali atafafaniza malo oponda phazi.

Anayambiranso. Kwawo kunalibe magetsi, choncho ankapita kwa wometa tsitsi wa pamsewu amene anali ndi sola. Ankamusesera tsitsi m'mawa, wometayo n'kumulola kutchaja ndi kukhala pakona. Anyamata odzameta ankamufunsa moseka ngati ng'ona zinaikonda miksi ija, chifukwa nkhani inali itafika kale. Iye ankangovala zomvera zake.

Chinthu choyamba anachiphunzira movutika: vuto silinayambire pa kompuresa. Linayambira pojambula. Anajambulanso miksi yonse, koma asanalumikize nyimbo ankayamba wafananitsa kukwera kwa mawu a iliyonse ndi khutu lake. Ankayang'anitsitsa timagetsi toonetsa mphamvu ya mawu kuti tisafike pofiira, chifukwa mawu akang'ambika pojambula palibe chida chowasoka. Anasiya mpata pamwamba, ngakhale kuti miksi inkamveka yapansi. Killion anamulimbitsa mtima kuti kukweza kumabwera pamapeto.

Kenako anazindikira kuti nyimbo zake si zofanana. Zamakono zinali zitapanikizidwa kale ku situdiyo, ndipo kuzipanikizanso kunali kuzipha. Za chilimika, zojambulidwa pa foni pabwalo, n'zimene zinkafuna thandizo, pakuti wotsogolera nyimbo ankamveka patali pamene oyankha ankamveka pafupi. Anazikonza pazokha asanaziphatikize ndi zinazo.

Pa miksi yonse anaika kompuresa yofatsa, yongokhudza. Anaiuza kuti izichedwa pang'ono kugwira, kuti kugunda kwa ng'oma kuzidutsa kaye, ndiponso kuti izimasula mogwirizana ndi liwiro la nyimbo. Limita anaiika pomalizira penipeni, denga lake lili pansi pang'ono pa malire, kuti izingodula tinsonga tochepa totumphuka. Akaona kuti ikugwira ntchito nthawi zonse, ankadziwa kuti wakweza mopitirira, n'kubwezera.

Khutu linkamunamiza kawirikawiri. Chilichonse chokwera mawu chinkamveka ngati chabwino. Anaphunzira kufananitsa kaye voliyumu ya yokonzayo ndi yosakonza asanaweruze. Makutu akatopa ankasiya, n'kupita kukathandiza amayi ake kumunda. Ankayesa pa sipika ya wometa, pa foni, pa zomvera, n'kubwerera kukakonza. Masiku ena ankaononga zimene anakonza dzulo lake. Kumwamba mitambo inayamba kusonkhana, ndipo chikwama chabuluu chinali pakhoma chikumuyang'ana.

M'mawa wina anaikanso memori khadi m'kawailesi. A NyaManda anali ndi manja onse awiri m'diramu. Chilimika chinayamba, mawu a wotsogolera akumveka bwino ngati waima pakhomo pomwepo. Yamakono inalowa mosadzidzimutsa munthu. Manja a amayi sanatuluke m'madzi. Mapewa ndi amene anayamba kugwedezeka, kenako mutu, kenako anayamba kuyankhira nyimbo. Chilimika chitabweranso anaimirira, madzi a chinangwa akuchucha m'zigongono, n'kuponya phazi pa ng'oma. Nkhuku zinathawa. Tiwonge anabisa nkhope m'manja, akuseka ndi kulira pamodzi.

Anakaipereka ku wailesi kutatsala pang'ono kuti atseke kulandira.

Yankho linachedwa. Mvula yoyamba inagwa, ndipo a Lackson anabwera kudzanena kuti ulendo ndi wa Lolemba. Ali pakhonde pomwepo foni ya Tiwonge inalira. Anali mayi Caroline, mkonzi wa pulogalamu ija. Anati achinyamata ambiri anasankha nyimbo zabwino, ena kuposa iye, koma miksi yake yokha ndi imene akanatha kuiulutsa popanda munthu kukhala pa voliyumu. Anamupempha kuti azibwera Loweruka lililonse, ndiponso kuti aziwathandiza anzakewo kukonza zawo. Sinali ntchito yaikulu, mayiyo sanabise, koma anali malo oyambira.

Tiwonge atafotokoza, nkhaniyo inawavuta a Lackson. Anali atapereka kale mawu kwa mnzawo wa ku Mzuzu, ndipo kubweza mawu kwa munthu wamkulu n'kochititsa manyazi. Anati ku Mzuzu kuli chakudya ndi pogona potsimikizika, pamene za wailesi zikhoza kutha mawa. Tiwonge anavomereza kuti n'zoona. A NyaManda anangoti mwanayo amuona okha mmene wavutikira, ndipo zamanyazi akhoza kugawana ndi mlongo wawo.

"Ndiye ntchito yakoyi ndi yotani kwenikweni?" anafunsa a Lackson.

Tiwonge, amene sankatha kuyang'ana akulu m'maso, anadzutsa mutu.

"Asibweni, ndimatsitsa pang'ono zofuula, n'kukweza zonong'ona, kuti zonse zimveke."

A Lackson anamuyang'ana, kenako anayang'ana mlongo wawo.

"Ukanayambira pa misonkhano ya banja lathu lino," anatero.

A NyaManda anaseka mpaka kugwira chipilala cha khonde. A Lackson anatulutsa foni yawo m'thumba la malaya, anaipukuta pa thalauza, n'kupita kuseri kwa nyumba. Mawu awo ankamveka akupepesa, akupepesanso, kenako akunena kuti mwana wa mlongo wawo wapeza ntchito ku wailesi. Mawu akuti wailesi anawatchula mokweza, kuti anthu a nyumba yoyandikana nawo amve.

Lero Tiwonge akukhalabe ku Kande ndi amayi ake. Loweruka amapita ku wailesi, ndipo pakati pa sabata anyamata ndi atsikana a ku Bandawe ndi ku Chintheche amamubweretsera mamiksi awo kuti awamvere. Sanalemere. Akadali wamanyazi. Koma akamva miksi yong'ambika ya munthu woyamba kumene saseka, amangomusunthira mpando.

Inu amene mwalephera kamodzi chifukwa chosadziwa, n'kulepheranso chifukwa chochita mopitirira, musaganize kuti ntchitoyo si yanu. Tiwonge analakwitsa mbali zonse ziwiri asanapeze pakati. Mverani munthu amene amakukondani akakuuzani zoona, bwererani pa ntchito yanu, mukonze pang'ono, mumverenso. Mtima wanu usagwe. Yambiraninso mawa m'mawa.