Mzere wa pa mkanjo

Bambo anga anali telala, wa makina opalasa ndi phazi aja, ndipo kwa zaka makumi awiri zovala zonse za abusa athu zinkatuluka m'manja mwawo. Malaya oyamba anawasokera ulere, abusawo akadali mnyamata woyenda pa njinga yopanda mabuleki, wodya kwathu Lamulungu lililonse. Mayi ankawatcha mwana wawo woyamba.

Mpingo unakula, mayina nawonso anakula: abusa, abusa aakulu, kenako abishopu. Bambo ankangowonjezera nsalu ndi timizere tagolide. "Mapewa ndi omwe aja," ankatero akuseka, "chikukula ndi mkanjo."

Mayi atadwala mpaka kulephera kudzuka, anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti mwana wawo uja adzawapempherere. Bambo anatumiza uthenga katatu. Yankho linali lakuti atanganidwa ndi mwambo wowadzoza.

Ndiye tsiku lina masana galimoto inaima pakhomo. Mayi anazindikira mawu a abishopu ali kuchipinda. "Ndimange mpango, mwanawe," anandiuza. "Undikhazike bwino, asandipeze chonchi."

Koma abishopu anabwera kudzayesa mkanjo wa pamwambo uja. Anaima pagalasi, bambo atagwada kumapazi awo, mapini ali pakamwa. Atamaliza kupinda m'munsi, bambo anachotsa mapiniwo.

"Mayi anu ali m'chipindamu, abusa."

"Abishopu," anawakumbutsa mofatsa. "Ndikudziwa, bambo. Ndibwera mwambo ukatha. Koma mzerewu wachepa, okhala kumbuyo sauona. Muukulitse."

Kuchoka pagalasi paja kufika pakhomo la chipinda ndi mapazi asanu ndi awiri. Ndinawerenga pambuyo pake, ndi mkwiyo umene mpaka lero sunathe.

Galimoto itanyamuka, mayi anafunsa, "Apita?" Bambo analowa, tepi ili m'khosi, nagwada pambali pa bedi. Sanali munthu wodziwa kupemphera pagulu, mawu ankawathawa. Mayi anati ameni, maso ali kuchitseko.

Anamwalira Lachinayi, mwambo usanafike. Pamaliro abishopu anabwera atavala mkanjo uja, ndipo analalikira za Yesu akusambitsa mapazi a ophunzira ake. Analalikira bwino, sindinganame, anthu mpaka analira. Mzere unkaoneka ngakhale kwa oima kumbuyo kwenikweni.

Titabwerera kunyumba, bambo anavundikira makina ndi nsalu, nakhala pampando wawo.

"Abusawo ndingawanene chiyani, mwanangu?" anatero. "Masiku awiri omaliza a mayi ako, ine ndinali pano, ndikukulitsa mzere."